Kuyenda pamsana wa phiri m'nyengo ya chisanu ku Angónia ndi Tsangano

Munthu wa mumzinda wa Tete akamva kuti m'chigawo chomwechi muli malo oti munthu angafe ndi kuzizira, amaseka. Mzinda uja uli m'chigwa cha Zambezi, ndipo kukwera kwake kuchokera pa nyanja yamchere sikufika ndi mamita 200 omwe. Koma tauni ya Ulónguè, ku Angónia, ili pa mamita pafupifupi 1,300, phiri la Dómuè limayandikira mamita 2,100, ndipo la Dedza, kutsidya kwa malire, limayandikira 2,200. Mitunda ya Tsangano, yomwe pamapu amailemba kuti Kirk Range, nayo ndi yokwera ndithu. Pamsana wa phiri lotere mulibe mtengo wotchinga mphepo, kuli udzu waufupi ndi matanthwe basi, phompho kumanja phompho kumanzere. Mu Juni ndi Julayi chomwe chimapweteka anthu pamalo otero si kuzizira kokha ayi, koma zitatu zikakumana: mphepo, zovala zonyowa ndi kutopa.

Masamu ake ndi osavuta. Mukakwera mamita 1,000 aliwonse, kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Ngati m'mawa ku Ulónguè kuli madigiri 12, pansonga ya Dómuè yembekezerani madigiri 7. Mphepo ikamathamanga makilomita 40 pa ola, zomwe pamsana wa phiri si zachilendo, madigiri 7 aja khungu limawamva ngati 2. Ndiye wonjezeranipo malaya onyowa. Madzi amakoka kutentha m'thupi mwachangu kuposa mpweya kangapo konse, moti munthu wonyowa woima pamphepo ya madigiri 7 ali pangozi yoposa ya munthu wouma wokhala pabata pomwe madzi achita kuundana.

Kusankha tsiku

Apa ambiri amalakwitsa chifukwa amayeza tsiku ndi mmene kwazizirira pakhomo. M'mawa woti mwadzuka kuli zii, nyenyezi zinali mbee usiku wonse, m'dambo mwayera chisanu ndipo masamba a mbatatesi apsa, ndiwo nthawi zambiri umabala tsiku labwino lokwera phiri. Kuzizira kumeneko kumadza chifukwa kumwamba kulibe mitambo ndipo mphepo yagona. Ikamakwana 9 koloko dzuwa limakhala litatenga mphamvu. M'mawa woopsa ndi uja wofundirako, kumwamba kuli bii, mphepo ya mwera yakhala ikugwedeza malata usiku wonse, nsonga ya phiri yavala mtambo. Chimenecho ndi chiperoni kapena kalambulabwalo wake.

Chiperoni chimabwera ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, yomwe imanyamula chinyezi cha ku nyanja ya Indian Ocean. Mpweya wonyowawo ukagunda mapiri umakakamizika kukwera, umazizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza. N'chifukwa chake kumudzi kungakhale kongochita mitambo pomwe pamwamba pakuwaza tsiku lonse. Chikayamba chimatha kukhala masiku awiri, atatu, ngakhale kuposa. Mvula yake ndi yopeputsa, munthu saithawa, koma pakatha ola limodzi juzi imakhala italowa madzi mpaka mkati.

Usiku woti mawa mukwera, mverani zanyengo za INAM, bungwe loona zanyengo la dziko la Mozambique, pa wailesi kapena pa foni, koma dziwani kuti zimenezo zimanena za m'matauni, osati za pamsana wa phiri. M'mawa yang'anani phirilo ndi maso anu. Ngati mtambo uli pansonga ndipo ikukwana 8 koloko usanayambe kunyamuka, siyani ulendo. Ngati kumudzi nthambi zikuluzikulu za mitengo zikugwedezeka, ndiye kuti mphepo yafika kale makilomita 40 pa ola, ndipo pamwamba idzakhala yoposa pamenepo. Ngati mitengo yathunthu ikuweyeseka, pamsana pamakhala posaimika. Chiperoni chikangotha, dikirani tsiku limodzi la dzuwa kuti matanthwe aume.

Nthawi yobwerera muipangane muli pansi

Mu Juni dzuwa kuno limatuluka cha m'ma 6 koloko ndi kulowa isanakwane hafu pasiti 5 madzulo. Likalowa, pakangotha mphindi 20 kapena 25 mdima wagwiratu, ndipo m'makwawa a kum'mawa kwa phiri mumada msanga kuposa apo. Muli ndi maola 11 okha a kuwala, ndipo awiri omaliza si oyendera, ndi osungira zagwamwadzidzidzi.

Werengani chonchi: ola limodzi pa makilomita 4 aliwonse a mtunda, kuwonjezapo ola lina pa mamita 400 aliwonse okwera, kuwonjezanso mphindi 10 zopuma pa ola lililonse. Tiyerekeze kuti njira ndi ya makilomita 5 ndipo mukwera mamita 800. Mtunda udya ola ndi mphindi 15, kukwera kudya maola awiri, kupuma theka la ola ndi pang'ono: pafupifupi maola anayi. Mukanyamuka hafu pasiti 6, pansonga mufika cha m'ma hafu pasiti 10. Kutsika musakuyese kwachangu. Pa udzu wouma wotsetsereka ndi pamiyala yogubuduka kumadya pafupifupi magawo atatu mwa anayi a nthawi yokwerera, ndipo ngati pagulu pali wodwala maondo kumafanana. Pagulu la ana a sukulu kapena la mpingo wonjezerani theka la nthawi yonseyo, pakuti gulu limayenda ndi liwiro la womalizira.

Mukatero panganani ola lobwerera, ndipo mulinene mokweza aliyense amve musananyamuke. Paulendo wotere 12 koloko masana ndi yabwino. Ikakwana, mubwerera pomwe mwafikapo, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Chifukwa chopanganira muli pansi n'chakuti pamwamba mutu sugwira bwino: mwatopa, mwazizidwa, mwalipira kale galimoto, ndipo pamakhala mnyamata mmodzi wonena kuti kwangotsala pang'ono. Pamsana wa phiri nsonga imanyenga. Imene mukuiona kutsogolo kawirikawiri imakhala chitunda chabe, yeniyeni ili kuseri.

Pitani kaye kwa a nyakwawa

Safunsa anadya phula. Fikani dzulo lake kapena m'mamawa kwa a nyakwawa a mudzi wa m'tsinde mwa phiri, mupereke moni mwaulemu, munene kuti ndinu angati, mudzera kuti ndipo mutsika nthawi yanji. Pemphani munthu wokuperekezani, ndipo mugwirizane malipiro ake musanayambe. Woyenera ndi amene amakwera phirilo kawirikawiri: mbusa wa ng'ombe wamkulu, mlenje, wofula njuchi. Iyeyo amadziwa kasupe amene saphwa mu Julayi, mpata umene mphepo imakunthira, ndi khwawa limene limathera paphompho. Adzakuuzaninso nkhalango zosalowa. Nyengo yokolola ikatha ndi nyengo ya gule, ndipo dambwe kapena manda si malo oti mlendo azidutsamo pofuna chidule.

M'mitunda ya Tsangano malire a Mozambique ndi Malawi amatsata msana womwewo m'malo ambiri, moti munthu wosokera mu nkhungu amatha kutsikira dziko lina. Tengani chitupa chanu, muchikulunge mujumbo. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti lachotsa mabomba okwirira onse amene ankadziwika, komabe chitsulo chachilendo chadzimbiri mukachiona m'tchire musachigwire. Zindikirani malowo ndipo mukanene kwa a nyakwawa ndi apolisi.

Gulu lisachepere anthu anayi. Wina akavulala, mmodzi atsala naye, awiri atsika kukaitana anthu.

Zovala

Chovala chimodzi chochindikala sichithandiza. Pokwera mudzatuluka thukuta, pamsana mudzazizidwa, choncho pafunika zovala zosanjikiza zoti muzivula ndi kuvala. Pakhungu valani chovala cha poliyesita, ngati malaya ampira aja odzadza pa kaunjika. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, ndipo likanyowa siliumanso tsiku limenelo. Pachifukwa chomwecho jinzi isiyeni kunyumba. Thalauza ya tirakisuti ya nayiloni ndi yabwino kuposa jinzi yodula. Pamwamba pa malayawo pabwere juzi yaubweya, yomwe imafundabe ngakhale itanyowa pang'ono, ndipo kunja jekete yosalowa mphepo ndi madzi, yokhala ndi chofunda kumutu. Ngati jeketeyo mulibe, thumba lalikulu la pulasitiki loboola pamutu ndi m'manja limagwira ntchito modabwitsa, bola mulimange m'chiuno ndi chingwe kuti mphepo isalifufumitse n'kukukankhani.

Chipewa chaubweya chophimba makutu, magolovesi, ndi masokosi awiriawiri, ena ovala ena osungira ouma. Opanda magolovesi avale masokosi m'manja. Manja ofa dzanzi satsegula zipi, sayatsa machesi, sagwira mwala. Amayi atenge kapulana (nsalu ya chitenje), koma pamsana aivale pamwamba pa thalauza ndi kuimanga yaifupi, chifukwa nsalu yaitali mphepo imaikoka ndipo imakola mwendo podumpha mwala.

Nyamukani mukumva kuzizira pang'ono. Amene amayamba ulendo atavala zonse amafika pamsana malaya ali chonyowa ndi thukuta, ndipo mphepo imamumaliza pomwepo. Juzi ikhale m'chikwama pokwera. Mukatsala pang'ono kutulukira pamsana, imani pamalo obisika, muvale juzi, jekete ndi chipewa, kenako tulukirani. Mukadikira kuti muvale mphepo itakupezani, mudzalimbana ndi jekete youluka ndi zala zosagwira.

Nsapato zikhale zomanga ndi zingwe, zamano pansi, ndiponso zoti munaziyendera kale. Zatsopano zimatulutsa matuza musanafike theka. Magambuti amathandiza m'mame a m'mawa koma pathanthwe lotsetsereka phazi limasewera mkati. Mapatapata ayi. Mudzaona abusa akuthamanga nawo pamiyala, koma iwo anakulira pomwepo.

Za m'chikwama

Mkati mwa chikwama yalani jumbo yaikulu yolimba, ndipo zonse zilowe mmenemo. Madzi malita awiri munthu mmodzi, atatu ngati ulendo upitirira maola asanu ndi limodzi. Kukazizira ludzu silimveka, koma mpweya wa Julayi ndi wouma ndipo mukupuma mwamphamvu, choncho imwani pang'ono pa theka la ola lililonse. Mkodzo ukafiira ndiye kuti mwachedwa kale. Fulasiki imodzi ya tiyi wa shuga wambiri pa anthu awiri, ndipo imodzi isatsegulidwe mpaka mutayamba kutsika. Madzi a pakasupe pomwe ng'ombe ndi anyani amamwa awiritseni, ndipo pamwamba pa mamita 2,000 abwate mphindi zitatu, pakuti kumeneko madzi amawira asanatenthe kwenikweni.

Chakudya chikhale chodya mukuyenda: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, zitumbuwa, chigumu, mazira owiritsa. Idyani pang'ono ola lililonse m'malo modikira nkhomaliro yaikulu pansonga. Thupi limadziotha ndi chakudya, ndipo kunjenjemera kumadya mphamvu zambiri. Phala la m'mawa musalidumphe. Sungani mtedza wodzaza manja awiri ndi shuga pang'ono zoti simuzigwira pokhapokha zitavuta.

Tochi aliyense yake, ndi mabatire apadera. Tochi ya pafoni musaiwerengere, chifukwa foniyo muifuna poitana thandizo. Wezulo, machesi kapena laita mujumbo, mpeni, chingwe cha mamita 10, bandeji yotanuka, pulasitala, mankhwala opha ululu, ndi lona kapena pulasitiki yochindikala ya mamita atatu mulitali ndi awiri mulifupi pa gulu. Bulangete limodzi pa gulu ndi lolemera, koma ndilo limasiyanitsa usiku wovuta ndi maliro. Ndodo yofika pachifuwa imathandiza potsika ndi pamphepo.

Batire ya foni imatha msanga ikazizidwa, choncho foni ikhale m'thumba lamkati pafupi ndi thupi. M'malire foni imavutika kusakasaka pakati pa Movitel, Vodacom ndi ma netiweki a ku Malawi, ndipo kusakasakako kumamaliza moto. Tsekani netiweki, muzitsegula pofuna kuimba. GPS imagwirabe popanda netiweki, bola mapu muwakopere mufoni muli kutauni, ndipo ngati pulogalamu yanu imajambula njira imene mwadzera, iyatseni poyambira. Mu nkhungu mzere umenewo ndi wamtengo wapatali.

Dzuwa la pamwamba limawotcha ngakhale kukuzizira. Milomo imang'aluka; pakani mafuta.

Mayendedwe a pamsana penipeni

Mphepo imalimba kwambiri pamalo awiri: pampata, pomwe imapanikizika pakati pa zitunda ziwiri, ndi pamphepete penipeni pomwe imatulukira kuchokera kuphompho. Mamita asanu kapena khumi kutsikira mbali yobisika, mphamvu yake imachepa kwambiri. Popeza mphepo ya nyengo ino imachokera kummwera chakum'mawa, mbali yobisika kawirikawiri ndi ya kumpoto chakumadzulo. Ngati mbaliyo ili ndi poponda, yendani mmenemo. Ngati ndi phompho, yendani chakumbali kumene mphepo ikuchokera, kuti ikakukankhani ikugwetsereni pamsana osati kunja.

Chogwetsa munthu si mphepo yosalekeza, imeneyo thupi limaizolowera n'kuitsamira. Chogwetsa ndi ija yobwera modzidzimutsa, kapena ija yongoleka mwadzidzidzi inu mutaitsamira. Imamveka ikubwera, ndipo udzu umagona kutsogolo kwake. Mukaimva imani, tangadzani miyendo, pindani maondo, zikani ndodo. Ikakula gwadani kapena khalani pansi, palibe chamanyazi. Mangitsani malamba a chikwama kuti chisamayende pamsana panu, ndipo kanthu kasalendewere kunja. Chipewa chikauluka chisiyeni chipite. Mukafika poti mwagwada kawiri katatu pa mphindi zochepa, kapena simukumvana ndi mnzanu ali pa mamita awiri, ulendo wathera pomwepo.

Pamalo opapatiza dutsani mmodzimmodzi, osagwirana manja, chifukwa wogwa amakoka mnzake. Pokwera mwala, mwa manja awiri ndi mapazi awiri, zitatu zikhale zitagwira pomwe chimodzi chikusuntha. Musakhulupirire chitsa cha udzu kapena kamtengo komera mumng'alu, mizu yake ndi yosazama. Mwala uugwedeze kaye musanaupatse thupi lonse. Mukagubuduza mwala fuulani kuti "Mwala!" nthawi yomweyo, ndipo pamalo a miyala yogubuduka musayende wina pansi pa mnzake. Zojambula zithunzi chakumbuyo muli m'mphepete mwa phompho zisiyeni.

Thanthwe louma limagwira nsapato bwino kwambiri, ndipo n'chifukwa chake limapusitsa. Likangonyowa ndi nkhungu, ndere zake zimaterera ngati therere. Mizere yakuda pathanthwe ndi modzera madzi. M'mamawa, makamaka kumbali ya kummwera komwe dzuwa la Juni silifika msanga, mizereyo imatha kukhala ndi madzi oundana osaoneka. Ilambalaleni. Matanthwe ambiri a mapiri athu ndi obulungira: pamwamba ndi athyathyathya, koma mukamatsika amanka napendekeka pang'onopang'ono mpaka mupezeka pamalo oti kutsika simungathe, kubwerera simungathe. Thanthwe loti simukuona pothera pake musatsikirepo. Udzu wouma wogona chotsetsereka nawo umaterera. Pondani cham'mbali, mukuzika m'mphepete mwa nsapato.

Wodziwa njira atsogole, wamphamvu atsalire kumbuyo, wofooka akhale wachiwiri. Muziwerengana popuma paliponse. Kupuma kukhale kwa mphindi zisanu kapena khumi, kuseri kwa mwala, mutakhalira chikwama osati thanthwe lozizira.

Nkhungu ikakupezani

Imatha kukwera kuchokera kuchigwa n'kukuphimbani m'mphindi zochepa. Mukaiona ikubwera, gwiritsani ntchito mphindi zimenezo: sonkhanani, valani majekete, yang'anitsitsani kumene njira yanu yotsikira ili, ndipo ngati muli ndi kampasi werengani mbali yake. Zindikiraninso tsaya limene mphepo ikukuombani. Ngati popita imaomba tsaya lamanja, pobwerera iombe lamanzere. Pokwera muzicheuka kawirikawiri kuti muone mmene njira ikuonekera kwa munthu wotsika, ndipo pamalo pomwe njira yanu yatulukira pamsana sanjikizani miyala itatu kapena mangani mfundo pa udzu. Pomwepo ndi pomwe anthu ambiri amapitirira pobwerera.

Kusokera kwa pamsana kumachitika motere: msana umagawika pawiri, inu osaona, n'kutsata nthambi yolakwika, yomwe poyamba imaoneka yotakasuka bwino. Mukazindikira kuti malo simukuwadziwa, imani pomwepo. Bwererani chokwera mpaka pomwe munali otsimikiza, ngakhale miyendo ikukana. Malangizo akuti tsatani madzi adzakufikitsani kumudzi ndi a kuchigwa. Paphiri madzi amadzera chidule, ndipo chidule chake ndi mathithi. Dzuwa likamaonekera pang'ono mu nkhungu, kumbukirani kuti masana a Juni ndi Julayi limakhala chakumpoto, ndipo mthunzi wanu umaloza kummwera.

Ngati simukuona mamita khumi kutsogolo ndipo mbali zonse ndi zaphompho, kukhala n'kwabwino kuposa kuyenda. Kugona paphiri mwakonzeka n'kosautsa koma anthu amadzuka. Yambani kukonza malo kukadali kowala: tsikirani pang'ono kumbali yobisika, pezani mwala waukulu kapena phanga, ndipo muyambe mwaponyamo timiyala ndi kumvetsera, pakuti m'ming'alu mumakhala njuchi ndi njoka. Zulani udzu wouma wambiri muyale mochindikala ngati chikhato chimodzi choimika kapena kuposa, chifukwa nthaka imaba kutentha kuposa mpweya. Valani zouma zonse, lowetsani mapazi m'chikwama, khalani mothinana, wofooka pakati, lona pamwamba. Moto ukolezeni pathanthwe kapena pamalo opalira udzu mamita awiri mbali zonse, ndipo mphepo ikakhala yamphamvu ulekeni. M'phanga musatseke khomo moto ukuyaka, utsi wa makala umapha mwakachetechete. Lizani wezulo katatu, dikirani mphindi imodzi, bwerezani.

Munthu akazizidwa mopitirira

Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika pansi pa 35, ubongo ndi minofu zimayamba kufooka, ndipo mwiniwake sazindikira. Anzake ndiwo ayenera kuona. Poyamba amanjenjemera kosaleka, amakhala chete, amatsalira kumbuyo, amapunthwa pamalo abwinobwino, amalephera kumanga chingwe cha nsapato. Muyeseni: agunditse chala chachikulu ndi chaching'ono cha dzanja lomwelo, kapena awerenge chobwerera kuchokera pa 30. Akalephera, musamulimbikitse kuti alimbe mtima mufike. Imani.

Muchotseni pamphepo, mumuvule zonyowa, mumuveke zouma ndi chipewa, mumukhazike pa udzu kapena pazikwama, mumukulunge bulangete ndipo pulasitiki ibwere kunja kwake. Ngati akulankhula bwino ndi kumeza bwino, mupatseni tiyi wa shuga ndi chakudya. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu liikeni pachifuwa ndi m'khwapa. Akasiya kunjenjemera chifukwa wafundidwa, nzeru zabwerera ndipo akuyenda mowongoka, tsikani naye pang'onopang'ono. Kukwera kwatha.

Koma akasiya kunjenjemera akadali wozizira, akubwebweta, akuwodzera, kapena akuvula zovala n'kumati watenthedwa, zafika poipa. Mugonekeni chagada kapena cham'mbali, musamuyendetse, musamugwedeze, chifukwa mtima wozizira umasokonezeka ndi kugwedezeka. Musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Musamutikite manja ndi miyendo, ndipo musamuyandikize pamoto waukulu: zimenezi zimathamangitsira magazi ozizira a m'miyendo kumtima. Fundizani chifuwa, khosi ndi mutu. Kupuma kwake kumatha kuchepa kwambiri moti n'kuoneka ngati watisiya. Mvetserani kwa mphindi yathunthu, ndipo musagamule nokha kuti wamwalira. Ameneyo ndi wa kuchipatala, pa machira.

Kachasu ndi mowa uliwonse ayi, kwa wodwalayo ngakhale kwa ena. Umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva kufunda pomwe kutentha kwa mkati kukuthawa, ndipo umachotsa mantha pamalo ofunika mantha. Ana, okalamba, anthu owonda kwambiri ndi amene angodwala malungo kumene amazizidwa msanga kuposa ena.

Moto wa m'tchire ndi mphiri

Kuyambira Julayi udzu umakhala utauma ndipo osaka mbewa ayamba kutentha. Moto umathamanga pokwera kuposa potsika, ndipo potsetsereka kwambiri palibe munthu angauthawe chokwera. Mukaona utsi pansi panu kumbali kumene mphepo ikuchokera, musadikire. Pitani cham'mbali kuchoka pamzere wake, mulunjike pathanthwe lalikulu lopanda udzu kapena palupsa pomwe papsa kale. Makwawa ndi mipata zipeweni, zimakoka moto ndi utsi. Pathanthwepo gonani pansi, tsekani mphuno ndi nsalu, ndipo vulani jekete ya nayiloni ndi pulasitiki, zimasungunukira pakhungu.

Njoka zimachepa m'chisanu, koma mphiri imakonda kuothera dzuwa panjira ndipo siithawa. Yang'anani poponda, ndipo musapise dzanja pomwe maso sakuona. Wolumidwa musamutemere mphini, musayamwe bala, musamange chingwe chothina. Muvuleni mphete ndi nsapato kutupa kusanayambe, mangirirani mwendowo ku ndodo kuti usapindike, mumunyamule kupita kuchipatala.

Machira amapangidwa ndi mitengo iwiri yolimba ya mamita awiri ndi theka, yopisa m'matumba awiri a feteleza oboola m'makona, kapena m'manja mwa majekete atatu otseka zipi. Kunyamula munthu wamkulu potsika phiri kumafuna anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu osinthana, ndipo kilomita imodzi imatha kudya ola lathunthu. Gulu la anthu anayi lisayese. Awiri atsike kukaitana anthu, atalemba papepala malo, nthawi ndi mmene wovulalayo alili. Amene wagwa n'kumadandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, asasunthidwe mpaka anthu okwanira atafika, koma afundidwe pansi ndi pamwamba pomwe.

Otsala kumudzi

Thandizo loyamba lidzachokera m'mudzi wa m'tsinde, choncho munthu amene mwamusiyira uthenga adziwe chochita. Mumuuze maola awiri: loyembekezera kutsika, monga 3 koloko, ndi loyamba kuda nkhawa, monga 5 koloko. Lachiwirilo likakwana, ayese kuimba, ndipo ikakanika atumize uthenga wolemba, womwe umadutsa ngakhale netiweki ili yofooka. Kenako akanene kwa a nyakwawa ndi kupolisi. Usiku wa nkhungu anthu asakwere kukasaka, angawonjezere osowa. Akoleze moto waukulu pamalo otetezeka poyambira njira, aziimba belu kapena chitsulo nthawi ndi nthawi, ndipo akonzeretu galimoto kapena njinga yamoto yopita kuchipatala. Osaka anyamuke m'bandakucha motsogozedwa ndi abusa, atatenga mabulangete, zovala zouma, tiyi wotentha, matumba ndi mitengo ya machira, ndipo ayambire pamalo pomwe msana umagawika ndi pamitu ya makwawa a mbali yobisika ku mphepo. Inunso mukatsika bwino, ngakhale mutatulukira mudzi wina, tumizani uthenga kwa a nyakwawa a kumene munayambira anthu asanayambe kusonkhana.